Mukaona mwana akugwiritsidwa ntchito kuno ku Joni, yambirani apa

M'fulati yomwe ndinkakhala ku Rosettenville munali mtsikana wina amene ndinkakumana naye pamasitepe m'mawa uliwonse, khanda kumsana, beseni la zovala m'manja. Ine ndikuthamangira tekisi ya kuntchito, iye akukayanika. Zaka zake sizinkapitirira 12. Manja ake anali ong'alukang'aluka ndi sopo ndi madzi ozizira a mu Juni, ndipo juzi yomwe ankavala inali ya munthu wamkulu, yopindidwa katatu m'mikono. Ankandipatsa moni atapinda maondo monga timachitira kwathu: "Mwadzuka bwanji amayi?" Miyezi inayi ndinkangoyankha moniwo, osadzifunsa kuti nanga anzake akamatuluka ndi yunifolomu, iyeyu amatsaliranji. Miyezi imeneyo imandiwawa mpaka lero. Ndalemba malangizowa kuti inu musachedwe monga ndinachedwera ine.

Choyamba, zindikirani chimene mukuonacho

Tonsefe tinakula tikutumidwa. Kutsuka mbale, kusesa pabwalo, kutunga madzi, kulera mng'ono wako mayi akapita kuchigayo, zimenezo ndi maleredwe, ndipo palibe lamulo lililonse padziko lomwe limaletsa. Mwana wosatumika sitimuyamikira. Vuto limayamba ntchitoyo ikamulanda mwana sukulu, tulo kapena thanzi, kapena wamkulu wina akamapeza phindu pa thukuta lake. Mtsikana wa pamasitepe uja ankadzuka 5 koloko, kuphika, kuchapa, kulera ana awiri mpaka usiku, kuti azakhali ake azipita kukagulitsa pamsika popanda kulipira kireshi. Imeneyo inali ntchito ya munthu wamkulu, yopanda malipiro, yogwiridwa ndi mwana.

Malamulo a dziko lino sazungulira pa nkhaniyi. Lamulo la ntchito la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15, ndipo wolakwira atha kukhala kundende mpaka zaka 6. Kwathu ku Malawi malire ndi zaka 14, choncho musabwere ndi chiwerengero cha kwathu n'kumaganiza kuti chigwira kuno. Wa zaka 15 mpaka 17 atha kugwira ntchito, koma yosaopsa, yosapitirira maola 8 patsiku ndi 40 pamlungu, ndiponso yosamulepheretsa sukulu. Kukumba m'migodi, kugwira mankhwala oopsa, kugulitsa mowa m'shabini, zonsezo n'zoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa limati mwana aliyense atetezedwe ku ntchito yomudyera masuku pamutu. Mawu akewo ndi mwana aliyense. Sanalembe kuti mwana wa nzika, kapena mwana wa mapepala.

Malamulowa ali ndi mizu yake kunja. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe likulu lake lili ku Geneva, linakhazikitsa pangano nambala 138 m'chaka cha 1973 lonena za msinkhu woyambira ntchito, kenaka nambala 182 mu 1999 loletsa ntchito zoipitsitsa: ukapolo, kugulitsa ana, uhule, usilikali wokakamiza, kutumiza ana kogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Pangano lachiwirili ndi loyamba m'mbiri ya ILO kuvomerezedwa ndi mayiko onse a m'bungweli, ndipo zimenezi zinakwanira mu 2020. Malawi anavomereza mapangano onse awiri mu 1999, South Africa mu 2000. Palinso pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndi lathulathu la mu Africa la 1990 lonena za ufulu ndi chisamaliro cha mwana. Ndikutchula zimenezi chifukwa mukaima pakauntala kupolisi n'kuyamba kunjenjemera, zimathandiza kudziwa kuti simukupempha chifundo. Boma la kuno ndi boma la kwathu, onse anasaina kuti adzateteza mwana ameneyo.

Chachiwiri, onetsetsani ndipo lembani

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamangire kukagogoda pakhomo la eni ake muli ndi mkwiyo, chifukwa mawa lake mudzapeza mwanayo amusamutsira ku Diepsloot kapena ku Tembisa kwa m'bale wina, ndipo simudzamuonanso. Tengani masiku angapo, osati miyezi. Lembani m'foni kapena m'kope adiresi yeniyeni, nambala ya chitseko, nthawi yomwe mumamuona akugwira ntchito, ntchito yanji, msinkhu womwe mukumuganizira, chilankhulo chomwe amalankhula, ngati ali ndi mabala, ngati amatuluka yekha kapena amamutsekera. Ngati pali galimoto yomwe imabweretsa ana pamalo ena, lembani nambala yake. Munthu amene adzalandire lipoti lanu adzafuna zinthu zogwirika ngati zimenezi.

Musajambule nkhope ya mwanayo n'kuiponya pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a anthu akumudzi. Ndaona zikuchitika, ndipo wochitayo amakhala ndi mtima wabwino, koma chithunzicho chimafika kwa womugwiritsa ntchitoyo chisanafike kwa womuthandiza, ndipo manyazi ake amamutsata mwanayo mpaka kumudzi.

Koma mukaona kuti mwana akumenyedwa, akugwiriridwa, kapena watsekeredwa, zodekha zija zisiyeni. Imbani 10111 nthawi yomweyo, kapena 112 pafoni ya m'manja.

Chachitatu, lankhulani ndi mwanayo, ngati n'kotheka

Apa m'pofunika nzeru za kuchikuta. Mwana wotere anauzidwa kale kuti akangoyankhula, apolisi amutenga n'kumutaya kumalire. Musamufunse ngati wapolisi. Ine ndinayamba ndi kumuthandiza kunyamula beseni lija, n'kumufunsa kuti kwanu n'kuti mwanawe. Atatchula mudzi wa ku Machinga, ndinamuuza kuti ndinadutsako pa Liwonde ndikupita ku Mangochi, ndipo anamwetulira koyamba. Tsiku lachitatu m'pamene anandiuza kuti analekeza Sitandade 5, kuti azakhali anauza mayi ake kuti ku Joni sukulu n'zabwino, ndipo kuti chibwerereni sanalowepo m'kalasi. Pasipoti sanaionepo. Anabwera ndi transipota, kudzera ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge, ndipo pamalire anauzidwa kuti agone pansi pa mpando.

Mufunseni mafunso ochepa: amadya kangati, amagona pati, amalankhula ndi makolo ake, akufuna chiyani. Musamulonjeze kuti simuuza munthu aliyense, chifukwa muuza ndithu. Muuzeni zoona: "Ndikufuna ndiuze anthu amene ntchito yawo n'kuthandiza ana. Iwe sunalakwe chilichonse." Mawu omalizawo abwerezeni, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti mlandu ndi wawo.

Chachinayi, siyanitsani nkhani ya pabanja ndi ya malonda

Nkhani zambiri pakati pathu si za zigawenga. Ndi za mayi wotopa amene akulipira lendi ya chipinda chimodzi, kireshi sangaikwanitse, ndiye waitanitsa mwana wa mchimwene wake kuti azimuthandiza. Kumudzi nako anavomera chifukwa pakamwa pamodzi pachepa. Zikakhala choncho, ndipo mwana sakuzunzidwa m'thupi, nthawi zina kukambirana kumatheka. Musapite nokha. Tengani amayi a mvano kapena a chigwirizano, abusa, a shehe, kapena wapampando wa gulu la maliro la anthu a kuboma kwanu, munthu amene mwini nyumbayo angamuchitire manyazi. Ife tinapita atatu kwa azakhali a mtsikana uja Lamlungu masana. Amayi aakulu a mumpingo ndi amene anayamba: "Achemwali, sitinabwere kudzakuweruzani. Tabwera chifukwa cha mwanayu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Kunali kulira, kunali kukana, kunalinso mawu oti inu mukudziwa chiyani za mavuto anga. Tinawauza poyera zomwe lamulo limanena, n'kuwapatsa milungu iwiri kuti mwana akalembetsedwe sukulu, ndipo tinanena kuti tikawauza a zachisamaliro cha anthu ngakhale avomere. Kukambirana kusalowe m'malo mwa lipoti. Kuzingothandiza kuti lipotilo lisakhale nkhondo.

Nkhani ya malonda ndi ina, ndipo imeneyo musaiyandikire n'komwe. Mu Novembala 2019 apolisi ndi oyendera malo a ntchito anathyola fakitale ina ku Village Deep, kum'mwera kwa tauni konkuno, momwe ankapanga thonje la m'kati mwa mabulangete kuchokera ku zovala zakale. Anapezamo Amalawi 91, ndipo 37 mwa iwo anali ana. Ankagwira ntchito maola 11 patsiku, mlungu wonse osapuma, atatsekeredwa, ena atavulazidwa ndi makina. Mlanduwo unatenga zaka zoposa zisanu, koma mu 2025 khoti lalikulu la mu Johannesburg linapeza nzika 7 za ku China zolakwa pa milandu yozembetsa anthu ndi kugwiritsa ana ntchito, n'kugamula zaka 20 aliyense. Zonsezi zinayamba chifukwa munthu wina anatsina khutu akuluakulu. Ndimaganizira kawirikawiri za anthu amene ankadutsa pa geti imeneyo tsiku ndi tsiku, akumva Chichewa ndi Chiyao kuseri kwa mpanda. Mukaona mpanda wautali, alonda, anthu osatuluka, chakudya chikulowetsedwa pawindo, lembani n'kuimba foni. Zokalowa nokha ayi.

Chachisanu, kanenani

Nambala yoyamba kuisunga ndi 116, ya Childline. Ndi yaulere, imagwira usana ndi usiku, ndipo wamkulu athanso kuimba m'malo mwa mwana. Ngati mwanayo anachita kubweretsedwa kuchokera kwina ndi malonjezo abodza, kapena akuti akubweza ngongole ya transipoti, imbani 0800 222 777, nambala ya dziko lonse ya nkhani zozembetsa anthu. Kupolisi, pemphani kuti nkhaniyo ipite ku nthambi ya FCS, yomwe imaona za nkhanza za m'banja ndi chitetezo cha ana, ndipo musachoke opanda nambala ya mlandu. Ngati ndi pashopu, pafakitale, pagalaja kapena pafamu, pitani ku ofesi ya Department of Employment and Labour yomwe muli nayo pafupi, chifukwa oyendera malo a ntchito ali ndi mphamvu yolowa n'kufufuza. Ngati ndi m'nyumba, njira yabwino ndi ma social worker, a zachisamaliro cha anthu, a Department of Social Development kapena a bungwe ngati Jo'burg Child Welfare.

Lamulo la ana la Children's Act la 2005, pa gawo 110, limakakamiza aphunzitsi, anamwino, madokotala, atsogoleri a mipingo ndi ena otero kukanena akaona mwana akuzunzidwa, ndipo limalola munthu wina aliyense kutero. Wonena ndi mtima woona sangaimbidwe mlandu woipitsa mbiri ya munthu ngakhale zitapezeka kuti sizinali choncho. Pa nkhani ya kuzembetsa, lamulo la 2013 ndi lolimba kwambiri: aliyense wodziwa kapena wokayikira kuti mwana wazembetsedwa ayenera kuuza apolisi, chilango cha wozembetsa chitha kufika moyo wonse m'ndende, ndipo kunena kuti makolo ake anavomera si chodzitetezera. Abusa athu ndi a shehe, gawo 110 lija likukukhudzani mwachindunji. Nkhani yotere siithera m'vesitili.

Tsopano nkhani yomwe imatitseka pakamwa tonse: mapepala. Ambiri mwa ife masiku a mu pasipoti anatha kalekale, ndipo dzina loti Lindela, komwe amasungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, likangotchulidwa mtima umagunda. Sindikunamizani kuti munthu wamkulu wopanda mapepala alibe choopa polowa pa siteshoni ya polisi. Koma njira zilipo. Pa 116 ndi pa 0800 222 777 simukakamizidwa kutchula dzina lanu. Mutha kupereka zomwe munalemba zija kwa munthu wa mapepala abwino, m'busa, mphunzitsi kapena namwino wa kukiliniki, kuti akanene ndiye. Mutha kuyamba mwafunsa uphungu kwa maloya a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein kapena a Legal Aid South Africa, omwe salipiritsa osauka. Kwa mwanayo, lamulo limamuona ngati wofunika chisamaliro. Social worker amafufuza, nkhani imapita ku khoti la ana lomwe limakhala pa khoti la majisitireti, ndipo khotilo ndi lomwe limagamula komwe mwana akhale. Mwana wozembetsedwa sayenera kungokwezedwa basi n'kubwezedwa popanda kufufuza ngati komwe akupitako kuli womusamala. Pofufuza abale kumudzi amathandizana ndi ofesi ya kazembe wa Malawi, yomwe ili ku Pretoria ndi kuno ku Johannesburg, ndipo nthawi zina ndi bungwe loona za anthu osamuka m'mayiko la IOM.

Chachisanu ndi chimodzi, sukulu

Mwana ukamuchotsa pa ntchito osamuika m'kalasi, ntchito ina imupeza. Kuno sukulu ndi yokakamiza mpaka zaka 15 kapena Giredi 9. Anthu ambiri amakhulupirirabe kuti mwana wopanda setifiketi ya kubadwa kapena pemiti sangalembedwe. Zimenezo zinatha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu womwe anasuma a Centre for Child Law, linagamula kuti sukulu za boma zilandire ana opanda mapepala, a kuno ndi akunja omwe, ndipo unduna wa maphunziro unatumiza kalata ku sukulu zonse mu 2020 yonena zomwezo. Pomwe palibe setifiketi, kholo kapena womulera amalemba afidaviti yofotokoza dzina la mwana, tsiku lobadwa ndi makolo ake, n'kukalumbira kupolisi, kwaulere.

Tengani afidavitiyo, kalata yosonyeza komwe mukukhala, buku la kusikelo ngati lilipo, ndi lipoti lililonse la kusukulu ya kumudzi, ngakhale chithunzi chake chotumizidwa pa WhatsApp. Ife sukulu yoyamba anatibwezera pawindo, kalaliki osatiyang'ana n'kumaso komwe. Zikakuchitikirani, musakangane naye. Pemphani kuonana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo akakana, pemphani kuti alembe chifukwa chake papepala, kenaka pitani ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chanu, yomwe ili ndi udindo womupezera mwana malo. A SECTION27 ndi a Equal Education Law Centre amathandiza pa milandu yotere. Za fizi musataye mtima: m'madera osauka muli sukulu zosalipiritsa, ndipo m'zolipiritsa muli fomu yopempha kuchotseredwa. Mwana wa kwathu amavutika ndi chilankhulo miyezi yoyamba, ndipo mwina amubweza kalasi imodzi. Mupezereni mnzake wamkulupo womuthandiza homuweki madzulo.

Pamene mwanayo ali wa zaka 15 mpaka 17 ndipo akugwira ntchito yololedwa, onetsetsani malipiro ake. Malipiro otsikitsitsa a boma anafika R28.79 pa ola mu Malichi 2025, amakwera chaka ndi chaka, ndipo amakhudza antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu omwe. Bwana woti ndi mwana ndiye ndizimupatsa theka akuba.

Kumbali ya kumudzi

Moto umazimitsidwa komwe wayambira. Ife a kuno ndi amene timatumiza zithunzi titavala bwino pa Sandton, osaonetsa chipinda chomwe timagona anthu asanu. Mchemwali wanu akakuimbirani kuti pali munthu akufuna kutenga mwana ku Joni akamuphunzitse, mufunseni dzina la sukuluyo, giredi yomwe akalowe, amene akalipire yunifolomu, ndi njira yomwe mwanayo adutsire pamalire. Mwana woyenda mwalamulo amakhala ndi pasipoti yakeyake ndi kalata ya chilolezo cha makolo. Transipota woti musadandaule za mapepala, tidzalipirana akayamba ntchito, ameneyo wamuika kale mwana pa ngongole. Ku Malawi nambala yothandiza ana ndi 116 yomweyo, ndipo kuboma lililonse kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi ya zantchito. Dziko lathu lili ndi lamulo lake loletsa kuzembetsa anthu la 2015, ndipo mu 2017 linasintha malamulo aakulu kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18.

Ngati mungathe, ndalama yomwe mukanatumiza ya transipoti itumizeni ya makope ndi yunifolomu kuti mwanayo aphunzire komweko. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 ku Malawi anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ambiri m'minda, choncho kumusiya kumudzi pakokha sikumuteteza. Chomuteteza ndi munthu amene amafunsa mwezi ndi mwezi kuti sukulu ikuyenda bwanji.

Mayiko analonjezana kuti pofika 2025 mchitidwewu udzakhala utatheratu. Sizinatheke. M'chaka cha 2000 ana ogwiritsidwa ntchito padziko lonse anali 246 miliyoni, mu 2020 anali 160 miliyoni, ndipo lipoti la ILO ndi UNICEF la 2025 linati atsala pafupifupi 138 miliyoni, mwa iwo 87 miliyoni ali kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Mu Meyi 2022 msonkhano waukulu wachisanu wa dziko lonse pa nkhaniyi unachitikira ku Durban, koyamba mu Africa, ndipo mfundo zomwe anagwirizana zinatsindika sukulu, thandizo la ndalama kwa mabanja osauka ndi ntchito zabwino kwa makolo. Ine ndimagwirizana nazo chifukwa ndinaziona pamasitepe paja: azakhali aja akanakhala ndi kosiya ana awo, mtsikanayo sakanaitanidwa. N'chifukwa chake mumpingo mwathu tinagwirizana kuti amayi awiri osapita kuntchito azilera ana a anzawo pa mtengo wochepa womwe timasonkherana. Tsiku la 12 Juni, lomwe dziko lonse limakumbukira kuthana ndi kugwiritsa ana ntchito, pemphani mphindi khumi mumpingo, kumzikiti kapena pa msonkhano wa chipereganyu, muwerenge manambala a foni aja mokweza kuti aliyense asunge.

Mukanena, musalekere pomwepo

Ma social worker ndi ochepa, mafayilo ndi ambiri. Mukapereka lipoti, lembani dzina la amene mwalankhula naye, tsiku, ndi nambala ya nkhaniyo. Pakatha mlungu imbaninso. Pakatha milungu iwiri pitani nokha, ndipo mukapeza kuti palibe chachitika, pemphani kuonana ndi wamkulu wake kapena kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission. Ife tinapita katatu tisanaone munthu akubwera kudzayendera nyumba ija.

Mtsikana uja anakhala kaye kwa amayi aakulu a mumpingo aja, ndi chilolezo cha khoti, pamene ankalankhulana ndi mayi ake kumudzi. Anayamba Giredi 5 mwezi wa Okutobala. Yunifolomu tinagula yakale pa sukulu pomwepo, nsapato zinali zazikulu pang'ono moti tinaikamo thonje kutsogolo. M'mawa woyamba ndinamuperekeza ine mpaka pageti, n'kumulembera nambala yanga ya foni ndi 116 m'kati mwa chikuto cha kope la masamu.